Batchala wa ku Kaduya

LOLEMBA

Ndafika! Chaka chathunthu osaponda ku Kaduya. Holide ya Khirisimasi ndinali pa ganyu ku Limbe, ya Pasaka inadyedwa ndi maasaimenti. Lero ndi lero. Minibasi mpaka pa Migowi, kenako kabaza. Phiri la Michesi lili pomwe ndinalisiya, ndi mtambo wake pamutu.

Cholinga cha sabata ino ndi chimodzi: Modesta. Ndimuuze ndi pakamwa panga zimene ndakhala ndikumuuza ndi maso kuyambira tili folomu thuu. Foni alibe, inapita ndi madzi osefukira. Chaka chonsechi moni wake ndakhala ndikutumiza kudzera mwa amayi, sabata iliyonse, osaphonya.

Koma pamudzi pano pali chinachake. Wakabaza wakana kulandira kanthu, wati ndizingomukumbukira m'mapemphero. Azimayi pamjigo asiya kupopa, agwada. A Namakhwa, akatekisiti athu, avula chipewa. Kuvulira ine! Munthu yemwe anandikoka khutu chifukwa chodya mango pa katekisimu!

Amayi pakhomo: "Mwayenda bwanji? Lowani, musaime padzuwa." Ndacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli mlendo. Kulibe. Amayi anga enieni, amene moyo wanga wonse akhala akundiitana "iwe mutu waukulu", lero akunditi "inu".

M'nyumba muli chithunzi changa chija cha tsiku lotilandira ku yunivesite, nditavala gauni yakuda yobwereka, manja nditapinda pamimba. Achipachika pakati pa Papa ndi Mtima Woyera.

Achemwali anga a Rozina andikokera kuseri kwa nkhokwe, akuseka mpaka misozi. Akuti zinayamba tsiku limene ndinaimba foni kunena kuti ndapeza malo. Amayi anafunsa kuti sukuluyo ndi ya yani. Ndinati ya Akatolika, eni ake ndi maepiskopi. Anafunsa kuti ndikatulukako ndili ndani. Ndinati batchala, zikatha zaka zinayi. Basi! Akatolika, maepiskopi, mkanjo wakuda, munthu wosakwatira. Mudzi wonse ukudziwa kuti ndikuphunzira unsembe. Achemwali anayesa kukonza, anawanena kuti ndi ansanje.

Nkhani yachiwiri achemwali anena osaseka. Loweruka likubwerali Modesta akalembetsa ukwati kwa akatekisiti. Mwamuna wake ndi Piasoni, wogula nsomba ku Chilwa, wa njinga yamoto yofiira. Lamulungu alengeza koyamba m'tchalitchi. Nanga moni wanga uja? Amayi sanapereke ngakhale kamodzi. Anati kumeneko n'kusokoneza ntchito ya Mulungu.

Sindikugwa mphwayi. Ndinakhoza Filosofi, mudzi sungandikanike. Dongosolo:

1. Amayi amvetse.
2. A Namakhwa auze mpingo.
3. Modesta.

Zophweka!

Ndiwo: nkhuku. Ntchafu zonse ziwiri ndi nthutumba, kwa ine. Ndadya, poti kukana chakudya si umboni wa chilichonse.

LACHIWIRI

Amayi akusenda chinangwa cha makaka. Ndakhala pambali pawo. Ndafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira Abambo otiphunzitsa Lojiki akafika kwa ife a mabenchi akumbuyo.

Batchala ndi dzina la digiri. Ndi pepala chabe. Ine ndikuphunzira uphunzitsi, ndidzaphunzitsa mbiri ku sekondale. M'kalasi mwathu muli a mipingo ina, muli Asilamu, mulinso mayi wina wa ana atatu amene akufuna ubatchala womwewo.

Amayi: "Mayi wa ana atatu batchala? Musamaseweretse zinthu za Mulungu."

Ndayesa njira ya m'buku. Ansembe onse ndi mabatchala, zoona. Koma si mabatchala onse amene ali ansembe. Chitsanzo: amalume a Feliasi, imvi mbuu, sanakwatirepo, ndipo kutchalitchi amalowako pa maliro pokha.

"A Feliasi anapita kwa maepiskopi?" Ayi. "Ali ndi mkanjo?" Ayi. "Ndiye?"

Funso ngati limeneli pa mayeso ndinapeza malikisi onse. Pamkeka wa amayi ndagwa nalo chagada.

Kenako ndadzipha ndekha. Ndanena kuti ndatopa, mwezi wathawu ndinali pa mayeso ovuta moti tulo sindinkatiwona. Amayi aponya mpeni pansi. "Mayesero! Ndinadziwa ine!" Ndati mayeso, amayi, ma-ye-so, a cholembera ndi pepala. "Satana amabwera ndi chilichonse."

Dzuwa lisanalowe azimayi a mphakati, kagulu ka mpingo ka m'dera lathu, adzaza pakhonde, makorona m'manja. Novena yayamba, masiku asanu ndi anayi, kuti mwana wa mayi a Rozina asagwe. Ndamva dzina langa akulitchulira limodzi ndi la Yona, uja anathawa ntchito n'kumezedwa ndi chinsomba. Ine ndili m'kati, ndikumva zonse kudzera pawindo, ndipo pena pake ndayankha nawo mosazindikira.

Ndiwo: nkhuku ina, yochokera kumphakati. Akuti mayesero amalowa mwa munthu wanjala. Ku kafeteriya chaka chonse nyemba ndi kabichi, palibe anandiganizira za mayesero.

Nambala wani sinatheke. Palibe kanthu. Mawa ndiyambira kumtunda, madzi atsikire okha kumunsi.

LACHITATU

A Namakhwa ndi munthu wowerenga, ali ndi magalasi. Awa amva. Ndatenga umboni: chiphaso cha sukulu ndi foni.

Ndawapeza akumanga sipoko za njinga. Ndisanayambe n'komwe: "Kumeneko musandiuze, ndikukudziwa." Akuti ali mnyamata anaperekezako achimwene awo, nthawi imeneyo kuli koleji ya aphunzitsi ya Abulazala. Belu la m'mamawa, mikanjo, dimba la kabichi. Ndati zoona, mbiri imeneyo anatiuza sabata yoyamba, ndipo nyumba zina zakalezo tikuphunziriramo mpaka lero. Koma zinthu zinasintha. Maepiskopi anapasandutsa yunivesite ya wina aliyense. Kuli ophunzira malamulo, kuli a zamalonda, kuli a zachitukuko.

"Eya. Wansembe wa masiku ano ayenera kudziwa zonse."

Umboni wayenda motere:

Chiphaso. Pakona pali kamtanda. Achipsompsona.

Chithunzi cha laibulale. Kumbuyo kukuoneka tchalitchi chathu cha pasukulu.

Chithunzi cha gulu lathu lowerengera limodzi. Ndinaiwala kuti muli asisiteri awiri, ndi mavelo awo.

Mboni yamoyo. Ndaimbira Yusufu, mnzanga wa chipinda chimodzi ku hositelo, Msilamu weniweni, ndaika foni pokweza kuti a Namakhwa amve okha. Yusufu: "Eee, Bishopu! Mwafika bwino kudayosizi?" Ndadula. Dzina limeneli anandipatsa chifukwa ndimagona msanga ndipo sindimwa. Ndifotokoze bwanji tsopano? A Namakhwa maso ali mwaa. Akuti ngakhale anzathu Achisilamu aona.

Chotsiriza, chithunzi cha dansi yolandira ophunzira atsopano. Atsikana a mathalauza, ine pakati, pakamwa yasa. Apa avula magalasi. Awapukuta. "Tsopano ndaona polowera mphepo."

Ndawauza mosabisa kuti ndikufuna kudzakwatira. Dzina sindinatchule. Andigwira dzanja mwachifundo. Akuti chaka chachiwiri ndiye choopsa, ambiri amagwera pomwepo, choncho sabata ino sandisiya ndekha.

Ndipo sakundisiyadi! Ndapita kumjigo nthawi imene Modesta amatunga madzi, a Namakhwa ali phewa ndi phewa. Modesta wandiona, watula ndowa, wagwada patali. "Mwaswera bwanji, a Bulazala." Kampata ka mano kaja kadakalipo. Ndatsegula pakamwa, a Namakhwa ayambitsa "Tikuoneni Maria". Mjigo wonse wayankha. Pofika pa Amen, Modesta wasenza ndowa, wapita.

Sindikubwerera m'mbuyo. Ngati mawu akukanika, zochita zilankhule.

LACHINAYI

Dongosolo latsopano: ndioneke woipa. Mudzi uone wokha kuti munthu uyu sangadzozedwe.

A Namakhwa ndawazemba kudzera m'munda wa nandolo. Ndawamva akuitana kumbuyo, akutsokomola. Malaya osapisira, mabatani otsegula mpaka pamchombo, chipewa chotembenuza. Molunjika kwa mayi Esinati, kumene kumakhala masese ndi sipika yaphokoso.

Ndangolowa, sipika azimitsa. Amuna akuluakulu abisa zipanda kuseri kwa miyendo ngati ana a sukulu. Ndaitanitsa mokweza kuti aliyense amve: masese, chipanda chachikulu! Mayi Esinati: "Musandiponye kumoto, a Bulazala, ndili ndi ana." Andipatsa thobwa. Thobwa!

Ndayesa kutukwana. Chaka cha kwa Akatolika chandiwononga, chimene chatuluka ndi "zachabechabe". Wina wanong'ona kuti ulaliki wayamba.

Ndavina pang'ono, popanda nyimbo. Akuti mfumu Davide nayonso inavina.

Ndiye amalume a Feliasi, maso ali psuu, andikokera pansi pa mtengo wa mango. Agwada, ayamba kuulula machimo. Ndati amalume dzukani, mphamvu imeneyo ndilibe. Sakumva. Tsopano ndikudziwa amene anadya mbuzi ya amayi chaka chatha, ndi amene anathandiza kusenda. Sindinafune kudziwa ine! Pocheuka, anthu ena ayamba kale kundandalika pamzere. Ndaliyatsa liwiro.

Mbiri yandipitirira panjira. Pofika kunyumba nkhani ndi yakuti a Bulazala anapita okha kumowa kukabweza nkhosa zotayika. Amalume asamba, apesa, akuti Lamulungu akalowa m'tchalitchi popanda maliro. Amayi akulira ndi chimwemwe. A Namakhwa, mawu atayamba kusasa, akuti chibadwire sanaonepo maitanidwe amphamvu chonchi.

Achemwali: "Ukanangopita kwa mwini wake Lolemba lomwe lija, m'malo moyamba ndi makomiti." Achemwali analekeza folomu wani. Sadziwa kuti nkhani imafuna maziko. Ife anatiphunzitsa: uyambe wagwetsa maganizo olakwika, kenako umange ako.

Komabe ndawafunsa kumene Modesta akhale mawa. Akuti kudambo la ku Chilwa, akuthandiza azakhali ake kupuntha mpunga. Kumeneko kulibe akatekisiti, kulibe mphakati. Njinga ndabwereka kale. Mawa basi!

LACHISANU

Chiperoni. Mphepo kumaso ulendo wonse. Nditangopitirira Jenala, tayala lakumbuyo phwii! Ndikukankha njinga, nsapato zanga zopitira ku laibulale zasanduka zolimira. Mawu ndikuloweza panjira monga pokonzekera kuyankhula m'kalasi: chiyambi, mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mathero.

Njinga yamoto yofiira yaima pambali panga. Madengu a matemba kumbuyo. Piasoni.

Ndinkafuna akhale munthu woipa. Sabata yonse ndakhala ndikumukonzera nkhope: mano achikasu, mwano, fungo. Fungo lilipo, koma la nsomba chabe. Munthuyu watsika, wavula chisoti, watulutsa zomatira, wagwada m'matope kumata chubu changa. Ine ndangoima ngati mtengo wa magetsi.

Ndipo ndi wocheza, tsoka ilo. Akuti akumanga nyumba ya njerwa zootcha kwao kwa Modesta, wavomera chikamwini ndi mtima wonse, yafika pa mawindo. Akuti Modesta anamukana kawiri. "Kachitatu ndinapita mvula ikugwa, ndinaima pakhomo mpaka anandimvera chisoni." Waseka. Nanenso ndaseka, sindikudziwa chifukwa chake.

Wandipatsa milamba youma yoti ndikapatse amayi. Kenako wapempha kuti ndidalitse njinga yake, poti msewu wa ku Chilwa ndi wa ngozi. Ndati achimwene, ine sindine wansembe, sindidzakhala wansembe, ndine wophunzira wamba. "Kudzichepetsa kumeneko ndi kumene timakukonderani." Wagwira chiwongolero, watsinzina. Nanga ndikanatani? Ndapempha kuti aziyenda bwino. Ndi mtima wonse? Theka. Mwina kupitirira theka, chubu anamata bwino.

Kudambo ndapeza azakhali okha, akupeta. Modesta ananyamuka m'mawa kudzera njira ya kumunsi, wapita kwa atelala kukatenga diresi la mawa. Azakhali andilonjera m'Chilomwe, ndayankha mopunduka, andiseka, andipatsa kalongonda, kenako atambasula mwendo kuti ndipempherere bondo.

Ndabwerera dzuwa litapendeka. Matako alibe mwini. Mfundo zanga zitatu zili zonse, zatsopano, zosagwiritsidwa ntchito.

Njira ya kwa a Namakhwa ndi imodzi yokha, ndipo imadzera pa mlatho wa mitengo. Iwo akhala kunyumba kudikira alendo awo. Mawa ndikaima pamlathopo, kaya kugwe chiyani.

LOWERUKA

Ndaima pamlatho kuyambira mame asanaume. Modesta watulukira yekha patsogolo, ankhoswe akudza m'mbuyo patali. Diresi lobiriwira. Wafuna kugwada. Ndati Modesta, ukangogwada ndidziponya mumtsinjemu.

Mfundo zonse zathawa. Chiyambi, mathero, zonse. Ndangonena kuti sindine wansembe, batchala ndi pepala, moni ndinkatumiza sabata iliyonse, ndipo ndimakukonda kuyambira tsiku lija unandibwereka cholembera changa chitauma pa mayeso.

Wandiyang'ana m'maso, koyamba sabata ino. Sanaseke. "Ndinadziwa Lachitatu pamjigo. Wansembe sayang'ana munthu choncho."

Ndiye tiye! Ndati tibwerere, ndikauza amalume ako, ndikauza mpingo wonse, chiphaso ndili nacho m'thumba momwemu.

Zimene wayankha ndikuzilemba momwe zilili, kuti ndisadzazikometse m'tsogolo.

"Ndikabwerera pano, mudzi wonse udzati Modesta anaba wansembe paguwa. Mwana wanga akadzatentha thupi adzati chilango. Iwe udzakhala kusukulu, ine ndidzakhala pamjigo."

Ndiponso: "Ndinadikira mpaka mpunga unacha. Piasoni anabwera yekha ndi miyendo yake. Iwe unkatuma moni."

Iwe. Sabata yonse ndakhala ndikulilakalaka liwu limeneli kuchokera pakamwa pake. Lafika, ndipo labaya ngati minga ya m'chidendene.

Ankhoswe atipeza, avula zipewa, apempha kuti ndiwaperekeze zinthu ziyende ndi dalitso. Ndati mutu ukundipweteka. Sindinaname.

Masana onse ndagona chafufumimba. Ndalira. Ndilembe, pepala silikauza munthu. Ndalira ngati mwana wosiyidwa pachigayo. Amayi alowa ndi kapu ya tiyi, aima nthawi yaitali pamutu panga, aika kapuyo pansi, atuluka.

Komabe mawa kuli tchalitchi. Polengeza ukwati pamakhala funso lija: ngati alipo wodziwa choletsa, anene. Ndidzaimirira. Ndidzanena. Ndatsimikiza mtima!

LAMULUNGU

A Namakhwa mawu atheratu. Novena, chiperoni, ndi kundithamangira m'nandolo muja. Akungonong'ona. Tchalitchi chadzaza, mpaka amalume a Feliasi ali benchi yakutsogolo ndi jekete. Mapemphero atsogolera a tcheyamani. Nanga zolengeza awerenge ndani? Maso onse kwa ine. Andikankhira kutsogolo, andipatsa pepala.

Ndawerenga za msonkhano wa amayi. Za kulambula kumanda. Za njerwa za chimbudzi cha tchalitchi. Kenako mayina awiri aja, ndi pakamwa panga, mokweza, poti ku yunivesite anatiphunzitsa kuti mphunzitsi azimveka mpaka benchi yomaliza.

Ngati alipo wodziwa choletsa ukwati umenewu, anene.

Kuimirira sindikanatha, ndinali nditaimirira kale. Ndayang'ana kukwaya. Modesta wandiyang'ana, wapukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha. Kumbali ya amuna Piasoni akundimwetulira ndi mano onse, chala chachikulu m'mwamba. Ndadikira monga mwa mwambo. Khanda lina lalira. Ndapinda pepala. Nthungululu!

Akuti ndawerenga bwino kuposa Abambo mfumu.

Kunyumba kulibe nkhuku. Chithunzi chija chachoka pakati pa Papa ndi Mtima Woyera, chili pafupi ndi kalendala yakale, pamsomali wopachikapo lichero. Amayi akhala pamkeka, sakundiyang'ana.

"Ndiye kuti moni uja unali wa zoona?"

Ndati eya.

Apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako andikankhira mbale, makaka ndi nandolo. "Idya iwe, mutu waukulu. Ukatha ukatsekere mbuzi zotsalazo. Koma a Namakhwa usawauze kaye, novena ithe."

Ndadya. Mbuzi ndatsekera. Za amene anadya inzake ija sindinanene, amalume anaulula ndi mtima woona ngakhale analakwitsa adiresi. Mawa ndichapa nsapato, ndibweze njinga, ndiyambe kuwerenga za semesita ikubwerayi.

Batchala wa papepala ndidzalandira zikatha zaka zitatu, ndikakhoza. Winayu ndalandira lero, pamaso pa mpingo wonse, osalemba ndi mayeso omwe.